Mwendo wa a Jenerale

Pamene Dailes anatuluka kukataya madzi otsukira makapu, anapeza chiboliboli cha atate ake chilibe mutu.

Anaima chilili, beseni lili m'manja. Pachipata paja, pamene kwa zaka zambiri panaima msilikali wa simenti wamtali kuposa munthu, dzanja lili pamphumi kuchita saluti, panatsala thunthu lokha. Mutu unali m'ngalande, chipewa chake cha penti yofiira chitasweka pakati. Pachifuwa wina anali atapakapo ndowe, kuphimba mawu amene mwini wake analembetsa ali moyo: JENERALE JETHRO SOKO, MKANGO WA M'MALIRE. Ndoweyo inali isanaume.

M'nyumba amayi a mpingo ankaimba nyimbo ya maliro, koma anali ochepa moti mawu a aliyense ankamveka pawokha. Pabwalo, pansi pa mango, mabenchi obwereka kusukulu anali apululu. Dailes anayang'ana kumsewu, anayang'ana kumunda, kenako maso ake anakwera okha kupita pa kaphiri ka kum'mawa. Pamenepo, pafupi ndi mpanda wa waya, panali amuna atakhala pamzere. Sankayenda, sankaoneka kuti akucheza. Ankangoyang'ana kunyumba ya maliro, ndipo dzuwa linkanyezimira pa zitsulo zimene anagoneka pamawondo.

Madzi aja anawakhuthulira pamapazi pake osazindikira.

"Amama," ananong'ona atalowa m'khitchini, "aphwanya chiboliboli."

Amayi ake, a Edita, ankasankha nyemba m'lichero. Sanadzutse mutu.

"Ndinamva akumenya kunja kukucha."

"Nanga bwanji osandidzutsa?"

"Ukanakachita chiyani, mwanawe?"

Jethro Soko sanakhalepo jenerale. Aliyense ku Madzimoyo ankadziwa zimenezi, koma panalibe wozinena mokweza. Analowa usilikali ali mnyamata, nthawi imene zigawenga za ku Mozambique zinkadumpha malire kudzaba ng'ombe ndi kutentha midzi, ndipo anabwerako ndi kamzere kamodzi paphewa. Atapuma ntchito, mizereyo inayamba kuchuluka yokha. Anasoketsa mayunifomu, yobiriwira, yakuda, ina yoyera ya Lamlungu, yonse ya mabatani onyezimira. Dzina lake analilemba pangolo, pachigayo, ngakhale pachitseko cha khola la nkhumba. Chaka chilichonse ankasindikiza kalendala ya nkhope yake ku Chipata n'kumagawira anthu pasiteshoni ya basi, olo anthu ongodutsa opita ku Lilongwe. M'mawa ankaliza lipenga, ndipo nkhuku zikathamangira gaga ankati gulu lankhondo lafola. Pa ukwati wa eni ake ankaimirira osaitanidwa n'kuyamba kufotokoza nkhondo zimene anapambana yekhayekha, adani ake akuchulukirachulukira chaka ndi chaka.

Zikanathera pomwepo, anthu akanangoseka.

Koma kunabwera matenda a shuga, ndipo madokotala anamudula mwendo wakumanzere m'bondo. Iye ankauza aliyense kuti chinali chipolopolo chakale cha kumalire chimene chinadzuka. Ali chigonere m'chipatala anamva pa wailesi za mkulu wankhondo wina wa ku Mexico, wa kalekale, amene ataduka mwendo anauchitira maliro aulemu, asilikali akuguba. Jethro anawomba m'manja pabedi pomwepo. "Ameneyo ndiye mnzanga!" Anavutitsa achipatala mpaka anamupatsa mwendo wake. Anaukhomera kabokosi ka mlombwa ka zogwirira zamkuwa, anaitana gulu la malipenga kuchokera m'tauni, anapha ng'ombe, analankhula yekha mpaka anthu kuwodzera. Ndipo mwendowo sanakauike kumanda. Anauika pa kaphiri, pamwamba pa kasupe amene ankathirira dimba la a Paison Miti, dimba limene banja la a Miti linalima kuyambira makolo.

Simenti ya mwala wa pamanda isanaume, waya unazungulira phiri lonse ndi kasupe yemwe. Pamanda salimapo, anatero Jenerale, ndipo ng'ombe sizimwa pamene pagona mwendo wa boma. A Miti anadandaula kulikonse, koma nkhani ya manda aliyense ankaiopa. Chaka china cha chilala, Yotamu, mwana wa a Miti, anadula wayayo kuti ng'ombe zimwe. Anyamata amene Jenerale ankawamwetsa kachasu n'kumawatcha asilikali ake anamugwira, ndipo anamuthyola dzanja ndi mpini, Jenerale ataima pa ndodo zake, mfuti ili paphewa. Kuyambira tsikulo palibenso anaseka kalendala.

Tsopano Jenerale anali gone pa balaza, m'bokosi. Boyd, mlongo wake wamng'ono wa Dailes, amene ankagwira ntchito pa kampani ya alonda ku Lusaka, ndiye anaumirira kuti thupi lichoke ku mochale dzulo lake, lizungulire tauni galimoto zikuliza hutala monga mwini wake akanafunira. Unali mwezi wa Okutobala. Malata ankayamba kuthetheka dzuwa lisanafike pamutu. Asilikali a kachasu aja panalibe ndi mmodzi yemwe anaoneka.

Boyd analowa m'khitchini thukuta lili kamukamu, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

"Adzukulu akana kukumba," anatero. "Ati munthu anadzikumbira kale manda paphiri, akalowe momwemo. Ati kumanda a mudzi sikungagone munthu wotsekera anzake madzi."

A Edita anasiya kusankha nyemba.

"Ndiye titani?" anafunsa Dailes. "Ndi kutentha kuno, Boyd, pofika mawa m'nyumba muno simulowekanso."

"Tiwaika paphiri pomwepo, pambali pa mwendo wawo. Ndikumba ndekha. Akagona pamenepo thupi lonse, malo aja sadzachokanso m'manja mwathu mpaka kalekale."

"Wawaona anthu ali pamenepo?"

"Ndawaona, asisi. Nawonso andiona posachedwa."

"Ali ndi mapiki. Ena zikwanje."

"Ife tili ndi chimene akhala akuchiopa zaka zonsezi."

Dailes anadziwa chimene akunena. Mfuti ija inali pakhoma la pa balaza, pamwamba penipeni pa bokosi, yopukutidwa mafuta mpaka kuwala. Chikulire chake sanaikhudzepo. Ali mwana ankadutsa pansi pake atawerama.

Asanayankhe, panja panamveka belu la njinga. Wakabaza anatsitsa nkhalamba yovala mkanjo woyera ndi kachipewa, itakumbatira phukusi la pepala. Anali a Shaban, telala wa ku Kapata, amene anasokera Jenerale mayunifomu onse. Anaima kaye pachipata kuyang'ana chiboliboli chopanda mutu, anapukusa mutu wawo, kenako anapempha kuonana ndi amayi a nyumba.

Anawayalira mphasa kukhonde la kuseri. Atapepesa maliro, anamasula chingwe cha phukusi pang'onopang'ono. Munali yunifomu yoyera ngati ufa, ya zingwe zagolide m'mapewa, ndi magolovesi ake.

"Iyi anaitanitsa mwezi watha," anatero a Shaban. "Ndamva mochedwa, ndikanabwera nayo dzulo."

A Edita anatambasula jekete, kenako thalauzi. Dzanja lawo linaima.

"Mwaona, mayi," anatero a Shaban. "Chidulireni mwendo uja, mathalauzi onse ndinkasoka mwendo umodzi wathunthu, winawo wolekeza m'bondo, ndi batani lalikulu kunsonga. Ankafuna anthu aziona bala la nkhondo. Koma ulendo uno anabwera wofooka, anakhala pa benchi langa nthawi yaitali osanena za nkhondo iliyonse. Kenako amvekere, Shaban, iyi ndi yomaliza, usoke miyendo iwiri. Ine ndinati, Jenerale, winawo mulowetsamo chiyani? Anandikalipira. Ati telala safunsa mkulu wankhondo."

"Ankangofuna kuoneka bwino m'bokosi," anatero Boyd, ataima pakhomo. "Tiikamo nsanza, ziwongoka."

"Akufuna mwendo wawo," anatero a Edita motsitsa.

"Amama," anatero Boyd, "mukaufukula ndiye kuti manda atha. Manda akatha, phiri lapita, kasupe wapita. Mudzathirira chiyani tomato wanu? Mudzadya chiyani ife tili kutali?"

"Mukawaika opanda mwendo, m'nyumba muno simudzagonanso munthu. Ndimawadziwa. Sanasiyepo chinthu chawo m'manja mwa wina."

Dailes anakumbukira kulira kwa ndodo za atate ake pa simenti ya m'nyumba, gu, gu, gu, kuchokera kuchipinda mpaka pakhomo, ndipo anaona amayi ake atatsala okha, akumvetsera kulira komweko munthu atakwiriridwa. Kenako anaona china: Boyd akukwera phiri ndi bokosi, anthu a mapiki akuimirira. Sanadziwe chimene chinkamuopsa kwambiri. Pa balaza nyimbo inatha, ndipo mayi wina anatuluka msangamsanga atagwira nsonga ya chitenje pamphuno.

Boyd anapita kukafuna fosholo kwa aneba. Dailes sanauze munthu aliyense. Anamanga chitenje chachiwiri m'chiuno, anatenga khasu kuseri kwa nkhokwe, n'kulowa m'munda.

Dzuwa linali pamutu. Mapesi ouma ankathyoka pansi pa mapazi ake mokweza ngati akumuneneza, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Atafika pakati pa munda anaona amuna aja akuimirira mmodzimmodzi. Miyendo yake inafuna kubwerera. Anaganiza za ana ake awiri amene anawasiya m'tauni kwa mnzake wogulitsa naye zovala za salaula, ndipo anadzifunsa amene adzawauze iye akapanda kubwerako. Koma khasu linali kale paphewa, anthu anali atamuona kale, ndipo kuthawa kunali koopsa kuposa kupitirira.

Waya unali utadulidwa, uli lende pamitengo yake. Pamwamba pa phiri panaima chipilala cha simenti, pansonga pake ataumbapo jombo ya msilikali, ndi mawu akuluakulu: PANO PAGONA MWENDO UMENE UNATHAMANGITSA ADANI.

"Ima pomwepo."

Anali Yotamu. Dailes anakhala naye desiki imodzi ku pulayimale, ankadyera limodzi mbatata yootcha, koma chichitikireni zija anali asanaonane maso ndi maso. Dzanja lake lamanzere linali lopindika m'chigongono, chikhatho chikuyang'ana kumbuyo, zala zitafota. Kudzanja lamanja anagwira piki. Kumbuyo kwake kunali asuweni ake ndi anyamata ena a m'mudzi, ena akununkha mowa.

Dailes anatsitsa khasu, anagwada pa miyala yotentha.

"Ndabwera kudzatenga mwendo wa atate."

Wina anaseka. Yotamu sanaseke.

"Mwendo titenga ife," anatero. "Tiumangirira kunjinga, tiukoke mpaka pamsewu wa Lusaka, agalu onse a ku Madzimoyo alaweko ujenerale. Tikungodikira muyambe nyimbo yotulutsa maliro, kuti mutione bwino."

"Yotamu, ndapota nawe. Phiri tengani. Kasupe tengani. Ndikungofuna fupa."

"Ukundipatsa phiri langa lomwe? Taonani mwana wa Jenerale, kuwolowa manja!" Anakweza dzanja lopuwala lija pafupi ndi nkhope yake. "Ili ndani andibwezere? Tsiku lija unali kuti? Unamva ndikukuwa?"

Dailes anamva. Anali kunyumba tsiku limenelo, akuchapa, ndipo anapitiriza kuchapa.

"Asisi, chokanipo!"

Boyd ankakwera phiri akuthamanga, mfuti ili m'manja. Anyamata aja anabwerera m'mbuyo, ena anagwa chagada pothawa, mmodzi anabisala kuseri kwa chipilala. Yotamu yekha sanasunthe.

"Boyd, ayi! Boyd!"

"Aliyense atsike! Awa ndi manda a atate anga!"

Analozetsa mfuti kumwamba kuti awaopseze, anatsinzina, n'kukoka. Kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Anakokanso. Chimodzimodzi. Anaiyang'ana, anaigwedeza, anakokanso.

Ngakhale nyenje zinakhala ngati zaleka.

Msuweni wina wa Yotamu, wamtali wa chipsera pachibwano, anayenda pang'onopang'ono n'kuilanda m'manja mwa Boyd ngati akulanda mwana chidole. Anaithyola pakati, anasuzumira mu mpope wake, anaugogoda pamwala. Munatuluka dzimbiri ndi dothi louma la mavu.

"Mulibe kanthu," anatero. "Ngakhale kachitsulo komenyera chipolopolo mulibe. Anthuni, zaka zonsezi takhala tikuopa paipi."

Dailes ankayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anaona nkhope zawo zikusintha, mmodzi ndi mmodzi, aliyense akukumbukira ng'ombe zimene zinafa ndi ludzu, akazi awo akuyenda mtunda ndi zigubu pamutu, masiku onse amene anavula chipewa pamaso pa paipi. Mkwiyo umene unabwera unali woposa wa poyamba. Wina anamenya Boyd chibakera pakamwa, wina anamutchera mwendo, ndipo asanadziwe anali pansi, bondo la munthu lili pamsana, dzanja lake lamanzere atalitambasulira pamwala.

"Gwirani bwino," anatero Yotamu. Anatembenuza piki kuti amenye ndi mpini.

Dailes sanaganize. Anadziponya pamwamba pa dzanja la mlongo wake, nkhope ili pamwala, n'kutsinzina. Anamva fungo la thukuta la Boyd, anamva Boyd akulira ngati mmene ankalirira ali kamwana akaona galu. Anadikira mpini pamsana pake. Anadikira.

"Yotamu."

Mawuwo anachokera kumunsi, kukasupe. Dailes anatsegula diso limodzi. Pansi pa mkuyu, pamene madzi ankatumphuka pakati pa miyala, panakhala a Paison Miti, nkhalamba yowonda, atapinda thalauzi, mapazi ali m'madzi. Ayenera kuti anali pamenepo chiyambire m'mawa. Sanatembenuke n'komwe.

"Magazi sindikuwafuna pano. Atsikira m'madzi anga. Ndawadikira nthawi yaitali madziwa, musandiipitsire tsiku loyamba."

"Atate, dzanja langa..."

"Ndikulidziwa dzanja lako, ndinalibereka ndine. Ndati pano ayi." Anatunga madzi ndi chikhatho, anasamba kumaso. "Ndipo fupa la Soko musalimwaze. Mukaliphwanya pano, kachala kamodzi kakatsala m'dothi, tidzamwa Soko mpaka kufa. Lichotseni lonse, mumupatse mwana wakeyo achoke nalo."

Kenako Dailes anamva bondo lija likuchoka pamsana pa Boyd. Yotamu anapuma mwamphamvu, anatembenuka, ndipo mpini umene unali wa dzanja la Boyd unagwera pa jombo ya simenti. Jomboyo inadumpha n'kugubuduzika kutsetsereka. Anatembenuza piki n'kuyamba kumenya chipilala ndi dzanja lake limodzi, akubuula pa kumenya kulikonse. Anzake anafuna kumuthandiza koma anawakankha. Dailes anakhala pansi akuonerera mawu a atate ake akugwa zidutswazidutswa, ADANI, kenako MWENDO, mpaka panatsala mulu wa zibuma ndi mawaya opindika. Yotamu anali akulira, koma nkhope yake inali youma ngati sakudziwa.

Simenti itatha, anaponya piki pambali.

"Kumba," anatero.

Dailes anakumba. Dothi linali lolimba ngati njerwa, ndipo amuna aja anamuzungulira, mithunzi yawo ili pa iye. Palibe anamuthandiza, palibe anamuletsa. Matuza anatuluka m'manja n'kuphulika. Nthawi iliyonse akawerama ankamva msana wake uli poyera, ndipo ankadziwa kuti mawu a nkhalamba ija ndi okhawo amene anaima pakati pa iye ndi zikwanje. Boyd anakhala poteropo atagwira mlomo wotupa, akuyang'ana pansi.

Khasu linagunda thabwa. Mlombwa unali usanawole, zogwirira zokha ndi zimene zinabiriwira. Anafukula m'mbali ndi zala mpaka kabokosi kanagwedezeka, koma mphamvu zokatulutsira zinali zitamuthera. Yotamu analowetsa dzanja lake labwino, anakakoka, n'kukanyamula m'mwamba. M'kati munalira kanthu, gobede.

Anakagwira choncho nthawi yaitali. Dailes anayang'ana dzanja lakelo, anayang'ana miyala ya kutsetsereka kumene jombo inagwera. Anamasula chitenje chachiwiri chija, anachiyala pansi pa mapazi a Yotamu, n'kugwadanso.

"Kopepuka," anatero Yotamu, ngati akudzilankhulira. "Kanthu kopepuka chonchi."

Anakasiya kagwe pachitenje.

Dailes anakakulunga msanga, anakaponya kumsana, n'kumanga mfundo pachifuwa monga amaberekera mwana. Ngodya za bokosi zinkamubaya m'nthiti. Atayamba kutsika, a Paison analankhulanso, maso ali pamadzi.

"Iwe Dailes. Ukauze amako kuti anyamatawa akukakumba kumanda a mudzi. Kuli kutali ndi madzi kumeneko. Muike lero lomwe, fungo layamba kufika kwathu."

"Zikomo, a Miti."

"Usandithokoze. Sindinamukhululukire."

Anadutsa m'munda muja osatembenuka, akumvetsera ngati pali mapazi akumutsatira. Anali a Boyd okha. Atayandikira nkhokwe, mlongo wakeyo analavula magazi.

"Mwagulitsa atate, asisi. Mwagulitsa ndi amama omwe."

"Atate ndawabereka kumsana kuno," anatero Dailes. "Dzanja lako lili bwanji?"

Boyd anakhota kupita kukhola, ndipo tsiku lonselo sanamuyang'anenso.

Dzuwa litapendeka, uthenga unafika kuti amaliza kukumba manda. Anthu anayamba kubwera, osati ambiri, akukhala kumabenchi a kumbuyo. Ena mwa amene anakumba anaima kumsewu, dothi lofiira lili m'miyendo, mapiki omwe aja ali paphewa. Amenewo ndiwo ankayenera kunyamula bokosi.

Akuluakulu a mpingo anaveka malemu yunifomu yoyera ija, mawindo onse ali otsegula. Atafika pa thalauzi anaitana a Edita, pakuti panalibe amene ankafuna kukhudza za m'kabokosi. A Edita anakatsegula okha ndi mpeni wa kukhitchini. Munali mafupa ofiirira atakulungidwa m'nsalu yobiriwira imene inali itadyeka. Anawatola limodzilimodzi, kuwapukuta ndi mpango wawo, n'kuwalowetsa mu mwendo wa thalauzi mwa dongosolo lake, lalitali poyamba, ting'onoting'ono ta kuphazi m'sokosi. A Shaban, amene anali atakhala kukhonde tsiku lonse, anapereka singano ndi ulusi woyera kudzera pawindo, ndipo a Edita anasoka kunsonga kuti kanthu kasagwe.

Dailes anayang'ana atate ake. Anali ataiwala kuti anali munthu wamtali.

"Tingatseke, mayi?" anafunsa mkulu wa mpingo, chivundikiro chili m'manja.

"Tatulukani pang'ono. Nditsale ndi mwana wangayu."

Amuna aja anatuluka. A Edita anadikira mpaka chitseko chitatsekeka. Kenako anamasula mfundo ya pakona pa chitenje chawo n'kutulutsa katochi kakang'ono ka pulasitiki, kotha penti m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anakatsegula kumbuyo, anachotsa mabatire akale, anaikamo atsopano amene anali nawo m'thumba la bulauzi.

"Ka chiyani, amama?"

"Atate ako sankagona mumdima."

Dailes anawayang'ana.

"Chibwerereni kumalire kuja," anatero a Edita. "Sindikudziwa chimene anaona kumeneko, sanandiuzepo. Zimene ankanena pa maukwati zija si zimenezo. Nyali ikangozima ankanjenjemera thupi lonse, mano kugundana, kundigwira dzanja mpaka kunja kuyere. Tambala akalira ndiye ankadzuka kukaliza lipenga lija." Anapukuta galasi la katochi ndi chala. "Anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu. Iwenso usadzauze Boyd."

Panja amayi a mpingo anayamba nyimbo yotulutsira maliro. A Edita anayatsa katochi, anakayesa pachikhatho chawo, ndipo anakweza dzanja la amuna awo lovala golovesi yoyera. Zala zinali zolimba. Anaziwongola pang'onopang'ono, chimodzichimodzi, akunong'ona mawu amene Dailes sanawamve, mpaka katochi kanakhazikika m'kati. Anagoneka dzanjalo pachifuwa, pansi pa mamendulo, kuwala kukuloza kuchibwano.

Kenako anakonza mpango kumutu, anapita pachitseko, n'kuchitsegula.

"Bwerani mutseke," anatero. "Koma mutsitse pang'onopang'ono, musawagwedeze dzanja."